Wotchi yapamwamba si chibangili

Pa ukwati wa m'tauni, nthawi ya perekaniperekani ikakwana, sipalephera kupezeka mkulu wina amene maso onse amakhala pa iye. Amadzuka mochedwa, kukonza jekete, kenaka n'kuyamba kuponya ndalama m'lichero. Akakweza mkono, wotchi yake yachitsulo imatsetsereka kulowera kuchigongono. Akautsitsa, imagwera padzanja. Ndiye amagwedeza mkonowo kawiri katatu kuti ibwerere m'malo mwake, ndipo amene sadaione poyamba, apa waiona basi.

Mkuluyu sali yekha. Alipo ambiri m'maofesi, m'mabanki, m'matchalitchi ngakhalenso pamisonkhano ya ndale amene amavala wotchi motere, ndipo achinyamata amene angoyamba kumene kugwira ndalama akutengera pomwepo. Kwa iwo, wotchi yolendewera ndiyo chizindikiro choti munthu zake zidayera. Yogwira mkono bwinobwino amati ndi ya ana asukulu.

Maganizo amenewa ndi olakwika, komanso ndi odula. Wotchi ya lamba wachitsulo ikamavalidwa mokhwepa imadzidya yokha tsiku ndi tsiku, ndipo vutolo likamadzafika pooneka ndi maso, madzi amakhala atatayika kale. Komatu mlandu suli kwa ovala okha. Makampani a ku Switzerland amene amagulitsa mawotchiwa pamtengo woboola m'thumba nawonso ali ndi funso loti ayankhe, chifukwa kwa zaka zambiri akhala akugulitsa malamba amene mwini wake sangathe kuwathinitsa kapena kuwakhwefula payekha.

Ndalama zimene zikukambidwa apa si zamasewera. Wotchi yachitsulo ya Rolex Submariner yatsopano imaposa madola 9,000 a ku America, ndipo ya golide imadula kangapo kuposa apo. Ambiri akamagula wotchi yotere amayang'ana dzina, nkhope ndi makina ake. Lamba amamuona ngati chinthu chongogwirizira. Iwo amaiwala kuti lambayo ndiye amene akusenza ndalama zonsezo, ndipo akaduka pamsewu kapena m'madzi, dzina ndi makina zimapitira limodzi.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazitchula ndi mawu amodzi akuti kukhwepa.

Choyamba ndi lamba amene watalikira mkono wa mwini wake. Uku ndi kulakwitsa muyeso chabe, ndipo kumakonzeka pochotsa tizitsulo tina tolumikizana tija, timene okonza mawotchi amati malinki.

Chachiwiri ndi kampata kakang'ono kamene opanga amasiya dala pakati pa malinki kuti lamba azitha kupindika mozungulira mkono. Popanda kampata kameneka lamba akadakhala gwa ngati unyolo wa apolisi. Ichi si chilema ayi.

Chachitatu ndi kukhwepa kobwera chifukwa cha kutha kwa chitsulo. Uku ndiye kudwala kwenikweni, ndipo nthawi zambiri kumayamba chifukwa choti choyamba chija chidalekereredwa.

Anyamata a kabaza amadziwa bwino matenda amenewa. Tcheni cha njinga chikatumikira nthawi yaitali amati chatalika, chifukwa chimayamba kudumpha mano ndi kuchoka pokwera chitunda. Kunena zoona, chitsulo sichinatamuke ngati mphira. Chimene chachitika n'chakuti mapini olumikiza tchenicho adyeka, mabowo ake akula, ndipo timipata tonseto tikaphatikizana tchenicho chimaoneka chachitali.

N'chimodzimodzinso ndi lamba wa wotchi. Linki iliyonse imazungulira pa pini. Wotchi ikamathamanga pamkono, kukwera ndi kutsika, mapiniwo amakhuzana ndi mabowo awo kambirimbiri pa tsiku. Ndipo sakhuzana okha. Pakati pawo pamalowa thukuta, mafuta odzola ndi fumbi, zimene zimasanduka phala lakuda limene aliyense amene adayang'anapo kunsi kwa lamba wakale amalidziwa.

Phala limeneli ndi loopsa chifukwa fumbi limakhala ndi timchenga, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo. N'chifukwa chake mpeni umanoledwa pamwala. Pa sikelo ya Mohs, imene akatswiri amayezera kulimba kwa miyala, mchenga wa quartz uli pa 7. Chitsulo cha mawotchi chili pansi pake, ndipo golide weniweni ali pakati pa 2.5 ndi 3. Choncho mkulu wogwedeza mkono pa ukwati uja, mosadziwa, akunola mapini a wotchi yake.

Kulemera kwa wotchi kumaonjezera vutoli. Submariner yachitsulo imalemera pafupifupi magalamu 150, osasiyana kwenikweni ndi foni yam'manja. Katundu wotere akamagwa kuchoka pakati pa mkono kufika padzanja, amakoka timapini tiwiri timene timagwirizitsa lamba ku wotchi yeniyeniyo. Timapini timeneti ndi tating'ono, tili ndi sipuling'i m'kati, ndipo kamodzi kokha kakamasuka wotchi yonse imagwa. Kuonjezera apo, wotchi yogwera padzanja ndiyo imayamba kugunda chitseko, tebulo ndi khoma, ndipo kachitsulo kotcherera nthawi kamabaya kuseri kwa dzanja mpaka kusiya chipsera.

Mbiri ya malambawa ikusonyeza kuti opanga eni ake adazindikira vutoli kalekale. Kampani ya Rolex idayambitsidwa ndi Hans Wilsdorf mumzinda wa London m'chaka cha 1905, ndipo idasamukira ku Geneva m'chaka cha 1919. Lamba wake wotchuka wa Oyster, wa mizere itatu, adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Wa Jubilee, wa mizere isanu, adabwera m'chaka cha 1945 pamodzi ndi wotchi ya Datejust, pamene kampaniyi inkakwanitsa zaka 40. Wa President adatuluka m'chaka cha 1956 pa wotchi ya Day-Date.

Kwa nthawi yaitali ambiri mwa malambawa ankapangidwa ndi kampani ina ya ku Geneva yotchedwa Gay Frères, imene Rolex idaigula m'chaka cha 1998. Malamba akale ankakhala ndi malinki opinda kuchokera ku chitsulo chopyapyala, m'kati muli mphako. Anali opepuka ndi okoma kuvala, koma mphakozo zinkasunga litsiro, ndipo chitsulo chopyapyala sichichedwa kudyeka. Jubilee wakale ndiye adatchuka kwambiri ndi matendawa, chifukwa malinki akachuluka, malo okhuzana nawonso amachuluka.

Pang'onopang'ono kampaniyi idasintha. Idayamba kupanga malinki a chitsulo chokhachokha opanda mphako, ndipo pofika m'chaka cha 2010 Submariner yachitsulo idatuluka ndi lamba wolemera komanso loko wolimba m'malo mwa wopyapyala uja. M'chaka cha 2015 idaika timachubu ta ceramic m'kati mwa malinki a lamba wa President pa wotchi ya Day-Date 40, kuti mapini asamadye golide. Kampani siingaononge ndalama pa zinthu zobisika ngati zimenezi pokhapokha itavomereza kuti vuto lilipo.

Apa pali phunziro kwa okonda golide. Mawotchi apamwamba amapangidwa ndi golide wa makarati 18, kutanthauza kuti magawo 750 mwa 1,000 ndi golide weniweni, ndipo n'chifukwa chake pa loko pamadindidwa nambala ya 750. Golide wotere ndi wofewa kuposa chitsulo komanso ndi wolemera kuposa chitsulo. Zinthu ziwirizi zikakumana pamkono wa munthu wovala mokhwepa, lamba wodula kwambiri ndi amene amayamba kutha.

Ngakhale chitsulo chapadera sichipulumutsa munthu. Rolex idayamba kugwiritsa ntchito chitsulo cha mtundu wa 904L m'chaka cha 1985, pomwe makampani ambiri amagwiritsa ntchito cha 316L. Ubwino wa 904L ndi wakuti chimalimbana kwambiri ndi dzimbiri, mchere ndi thukuta. Koma mchenga suwerenga manambala. Umapera zonse ziwiri.

Tsono wina atha kunena kuti ngati zili choncho, mankhwala ake ndi kumanga wotchi kuti gwa. Ameneyunso walakwitsa. Wotchi yothina imasiya mizere pakhungu, imatsekera thukuta kunsi kwake mpaka kubweretsa nsungu, ndipo dzanja likapindika imakoka mapini omwe aja. Munthu amene amafika panyumba madzulo n'kuyamba wavula wotchi asanavule nsapato, adziwe kuti lamba wake akumulanga.

Muyeso wabwino suvuta kuudziwa. Pamkono, kumbali ya chala chaching'ono, pali kafupa kotumphuka. Wotchi iyenera kukhala kumtunda kwa kafupa kameneka, kumbali ya chigongono, ndipo isamakadumphe mkono ukatsitsidwa. Isamazungulire mkono payokha mpaka nkhope kuyang'ana pansi. Ndipo nsonga ya chala chaching'ono izitha kulowa pakati pa loko ndi khungu mokakamiza pang'ono. Zikalowa zala ziwiri, lambayo watalika. Chikakanika kulowa n'chimodzi chomwe, wathina.

Pali chinanso chimene ambiri sachilabadira. Loko ayenera kukhala pakatikati kunsi kwa mkono. Wochotsa malinki akangochotsa mbali imodzi mosaganiza, loko amapendekera kumbali, ndipo amakoka wotchi kuti izigwera kunja kwa mkono. Kwa anthu ambiri, mbali ya lamba imene ili pa 6 koloko imayenera kufupikirapo kuposa ya pa 12 koloko. Wotchi zambiri zimene eni ake amati sizikhazikika zili ndi malinki okwanira bwino, kungoti adagawidwa molakwika.

Komabe ngakhale muyeso utakhala wabwino chotani, vuto limodzi limatsala, ndipo ili ndilo phata la nkhani yonse. Mkono wa munthu sukhala chimodzimodzi tsiku lonse. Kukatentha, mitsempha ya magazi imafutukuka ndipo mkono umatupa pang'ono. Kukazizira umaphwa. Umatupanso munthu akayenda mtunda wautali, akadya zamchere wambiri, akakhala nthawi yaitali m'ndege, kapena mayi akakhala woyembekezera.

M'dziko muno zimenezi zimaoneka poyera. Lamba amene adayezedwa m'mawa wa mwezi wa June kumapiri a Dedza sangakhale bwino masana a October ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndipo miyezi yotenthayi ndi yomwenso fumbi ndi thukuta zimachuluka. Ambiri amene amavala mokhwepa sadayambe chifukwa chodzionetsera ayi. Adathinidwa tsiku lina lotentha, n'kukabwezeretsa linki imodzi, ndipo kuyambira pamenepo wotchi idasanduka chibangili.

Apa ndi pamene opanga mawotchi ayenera kuyankha. Mkono umasintha ndi mamilimita owerengeka chabe, pomwe linki yathunthu imatalika kuposa pamenepo. Ndiye munthu amakhala pakati: akachotsa linki wathinidwa, akaibwezeretsa wakhwepa. Maloko akale ambiri, ngakhale a mawotchi otchipa, ankakhala ndi timabowo m'mbali tosunthira pini, koma kuti munthu atero ankafunika kachitsulo kosongoka ndi maso akuthwa. Palibe amene angachite zimenezo ali pakati pa msonkhano.

Chodabwitsa n'chakuti mawotchi odula kwambiri ndi amene nthawi zambiri ankasowa ngakhale timabowo tomweti. Pofuna kuti lamba azioneka wosalala ngati alibe polumikizira, opanga adabweretsa maloko obisika, monga Crownclasp wa pa lamba wa President, komanso aja otseguka mbali ziwiri ngati mapiko a gulugufe. Maloko otere ndi okongola ndithu, koma kawirikawiri sakhala ndi malo osunthira. Kukongola kudapambana, mkono n'kuluza.

Vutoli limakula pa mawotchi amene lamba wake adapangidwa ngati thupi limodzi ndi wotchiyo. Otchuka kwambiri ndi Royal Oak ya Audemars Piguet, ya m'chaka cha 1972, ndi Nautilus ya Patek Philippe, ya m'chaka cha 1976, onse awiri ojambulidwa ndi katswiri mmodzi, Gérald Genta. Pa mawotchi otere munthu sangangochotsa lamba n'kuikapo wina aliyense wa m'sitolo. Kwa zaka zambiri ogula Nautilus ankadalira kuchotsa kapena kuonjezera malinki basi. M'chaka cha 2022 Patek Philippe idatulutsa Nautilus ya nambala 5811 yokhala ndi loko wotha kufutukuka ndi mamilimita 2 kapena 4. Ndi chinthu chabwino, koma chidachedwa.

Chidachedwa chifukwa nzeru yake idalipo kale. Rolex ili ndi kachipangizo kotchedwa Easylink, kamene idalembetsa m'chaka cha 1996, kamene kamatalikitsa lamba ndi mamilimita 5 pongopinda kalinki kobisika mu loko. Ilinso ndi Glidelock, amene adayamba kuoneka m'chaka cha 2008. Pa Submariner, ameneyu amalola mwini wake kusuntha lamba mamilimita awiriawiri mpaka pafupifupi 20, popanda chida chilichonse. Adapangidwira osambira pansi pa nyanja amene amavala wotchi pamwamba pa zovala zawo zamphira, koma amene wapindula kwambiri ndi munthu wamba amene mkono wake umatupa masana.

Makampani ena adapeza njira zawo. Tudor, imenenso idayambitsidwa ndi Wilsdorf, idatulutsa wotchi ya Pelagos m'chaka cha 2012 yokhala ndi loko wa masipuling'i wotha kufutukuka ndi kubwerera payekha. Pambuyo pake idabweretsa loko wa T-fit, wa malo asanu osunthira okwana mamilimita 8. Cartier, m'chaka cha 2018, idaika pa wotchi ya Santos malinki amene munthu amachotsa pongodina ndi chala.

Zonsezi zikutsimikiza mfundo imodzi. Loko wosunthika popanda chida si chinthu chosatheka, ndipo lero amapezeka ngakhale pa mawotchi a mitengo yotsika kwambiri poyerekeza ndi awa. Choncho kampani imene ikulipiritsa mtengo wa galimoto pa wotchi imodzi ilibe chodzikanira. Ndipo wogula wanzeru, asanafunse za dzina, ayenera kutembenuza wotchi n'kufunsa kuti loko wake amasuntha bwanji. Makampani amamva chilankhulo chimodzi chokha, cha wogula amene wabweza katundu pa kauntala n'kutuluka.

Ena anena kuti ndalama ndi zawo, mkono ndi wawo, ndiye asauzidwe kavalidwe. Zimenezo n'zoona, ndipo mbiri ili ndi anthu amene adavala wotchi mwa njira yawoyawo. Gianni Agnelli, mkulu wa kampani ya magalimoto ya Fiat ku Italy amene adamwalira m'chaka cha 2003, ankadziwika povala wotchi pamwamba pa mkono wa shati. Buzz Aldrin adaponda pamwezi m'chaka cha 1969 atamanga Omega Speedmaster kunja kwa chovala chake cham'mlengalenga ndi lamba wamtali wa nsalu. Koma chofunika kuona n'chakuti pa anthu awiri onsewa wotchi inali yokhazikika. Adasintha malo oivala, koma sadaisiye kuti izithamanga.

Alipo amayi ena amene amasankha dala wotchi yaikulu kuti izilendewera limodzi ndi zibangili, ndipo palibe lamulo limene akuphwanya. Alipo osonkhanitsa mawotchi akale amene amakonda kaphokoso ka Jubilee wakale, kolira ngati maseche, ndipo amati kameneko ndi ukalamba wolemekezeka. Onsewa ali ndi ufulu wawo. Chofunika n'chakuti asankhe akudziwa mtengo wake. Walira mvula walira matope. Chitsimikizo cha zaka zisanu chimene Rolex yakhala ikupereka kuyambira m'chaka cha 2015 sichikhudza kutha kwa katundu kobwera chifukwa chovala. Lamba akadyeka, bilu ndi ya mwini wake.

Ndipo bilu yake si yaing'ono. Lamba wakutha sakonzeka pomupana ndi pulayala. Pamafunika kumasula malinki onse, kusintha mapini, ndipo nthawi zina kuwotcherera chitsulo kapena golide pamene padadyeka. Imeneyi ndi ntchito ya amisiri ochepa, ndipo kwa munthu wa kuno zikutanthauza kutumiza wotchi kunja. Kugula lamba watsopano wa golide ndiye kuli ngati kugulanso wotchi ina.

Akuluakulu amene ankagwedeza mkono kale anali ndi chifukwa chomveka. Amene ankabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi ku Harare ankabweretsa mawotchi monga Oris ndi Seiko 5. Seiko 5, imene idayamba m'chaka cha 1963, ndi wotchi yopanda batire, yodzitchera yokha munthu akamayenda, ndipo mitundu yake yambiri yakale inalibe njira yoitcherera ndi zala. Ikagona usiku n'kuima, mwini wake ankayenera kuigwedeza kuti idzuke. Mdzukulu watengera kugwedezako n'kusiya chifukwa chake. Kachitsulo kozungulira kamene kamatchera wotchi yotere, kamene Rolex idabweretsa kake m'chaka cha 1931, kamatsatira kuyenda kwa mkono. Sikafuna lamba wokhwepa kuti kagwire ntchito.

Popeza ambiri amene ali ndi mawotchi apamwamba amawagula atagwirapo kale ntchito, ndi bwino kudziwa kayezedwe ka lamba asanatulutse ndalama. Wogula agwire wotchiyo cham'mbali, nkhope itayang'ana kwa iye, lamba atatambasuka m'malere. Lamba wabwino amakhala pafupifupi woongoka. Wakutha amawerama ngati nthambi ya mango yolemedwa ndi zipatso, ndipo pakati pa malinki pamaoneka mipata. Wogulitsa atha kupukuta wotchi mpaka kunyezimira ngati yatsopano, koma kuwerama kumeneku sangakubise. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogula afunsenso za malinki otsala. Wotchi yatsopano imabwera ndi lamba wathunthu, ndipo malinki amene achotsedwa poyeza ndi katundu wa mwini wake. Ambiri amawasiya kwa wokonza kapena kuwataya m'dirowa, osadziwa kuti thupi limasintha ndi zaka, komanso kuti mwana wodzalandira wotchiyo akhoza kudzakhala ndi mkono waukulu. Wotchi yosowa malinki imatsika mtengo, ndipo linki imodzi yeniyeni ya golide si yotchipa. Aikidwe m'kathumba, pamodzi ndi bokosi ndi mapepala a wotchiyo.

Nkhani ya amene akuchotsa malinkiwo ndi yofunikanso. Okonza mawotchi a m'makhonde a masitolo amagwira ntchito yotamandika, ndipo ambiri ali ndi luso lenileni. Koma malamba samangidwa mofanana. A Rolex amalumikizidwa ndi timasikuluu timene timapakidwa kaguluu kuti tisamasuke. Wogogoda ndi nyundo pamenepo waononga. Malamba ena, monga a Seiko ambiri, ali ndi pini yolowa m'kachubu kakang'ono kwambiri, ndipo kunsi kwa linki kuli muvi wosonyeza kotulutsira. Kachubuko kakagwa pansi osaoneka, pini imabwerera bwinobwino n'kuoneka ngati yakhala, koma patapita masiku imadzasolomoka yokha. Mwini wotchi asachite manyazi kufunsa mmisiri kuti lambayo ndi wa mtundu uti, ndipo ntchitoyo ichitike iye akuona. Safunsa adadya phula.

Chotsala ndi ukhondo, ndipo ichi sichilira ndalama. Madzi ofunda pang'ono, sopo ndi mswachi wofewa ndi zokwanira kuchotsa phala lakuda lija lisanayambe kupera. Opanga eni ake amalangiza zomwezi. Kachitsulo kotcherera nthawi kayambe katsekedwa bwino, ndipo ngati wotchi ndi yakale kapena yosadalirika m'madzi, lamba yekha ndiye atsukidwe. Amene wasambira m'nyanja yamchere kapena kuyenda m'fumbi aitsukuluze tsiku lomwelo. Nthawi ndi nthawi ayang'anenso ngati pali kasikuluu kamene kayamba kutulukira. N'zomvetsa chisoni kuona munthu amene amatsukitsa galimoto kawiri pa sabata koma lamba wa wotchi yake sadakhudzepo madzi chiigulireni.

Kuyambira m'chaka cha 1996, Patek Philippe yakhala ikutsatsa malonda ake ndi uthenga wakuti wotchi yake munthu amangosungira ana ake. Uthengawu ndi wokoma, ndipo pa makina ndi woona, chifukwa makina osamalidwa bwino amatha kudutsa mibadwo. Koma chimene chimayamba kukalamba pa wotchi ndi chimene chimakhudza thukuta ndi fumbi tsiku lililonse. Mwana amene adzalandire makina abwino pa lamba wowerama adzakhala kuti walandira cholowa pamodzi ndi ngongole.

Mkulu wa pa ukwati uja palibe amene akumuletsa kuponya ndalama, kapena kunyadira wotchi imene adaikhetsera thukuta. Chimene akusowa ndi mphindi khumi kwa mmisiri wodziwa ntchito, linki imodzi kapena ziwiri m'kathumba, ndi mswachi wakale kubafa. Wotchi ikakhazikika kumtunda kwa kafupa kaja, mwina sionekanso kwa amene ali kumbuyo kwa holo. Koma idzakhala ilipo tsiku limene mwana wake adzaimirire kuponya ndalama pa ukwati wa mdzukulu.